Kulipira ndi khadi la ngongole kunja: kodi ndalama zimadulidwa pati?

Owerenga ena andilembera imelo kuti akukonzekera ulendo wa ku Ulaya, ali ndi khadi la ngongole la Visa, ndipo amva kuti munthu akalipira ndi khadi m'dziko la eni, sitetimenti ya ku banki imadzabwera ndi ndalama yochuluka kuposa imene amayembekezera. Akufuna kudziwa kumene ndalama yowonjezerayo imachokera komanso ngati pali njira yoipewera.

Zikomo chifukwa cha funsoli. Zimene mwamvazo n'zoona, koma chotonthoza mtima n'chakuti pamene pamaduka ndalama zambiri ndi pamene inuyo muli ndi ufulu wonse wokana.

Mukalipira m'ndalama ya dziko limene mwapitako, kampani ya khadi lanu, kaya ndi Visa kapena Mastercard, ndiyo imasintha ndalamayo pa mtengo wa tsiku limenelo. Mtengo umenewu nthawi zambiri umakhala pafupi ndi umene mabanki amagulitsirana okhaokha, choncho apa musade nkhawa. Makampani awiriwa ali ndi tsamba pa intaneti pamene mungalembe ndalama imene mwalipira ndi tsiku lake n'kuona mtengo umene anagwiritsa ntchito. Banki yanu imadzawonjezera yake pamwamba, ndipo mabanki ambiri amadula pakati pa 1 ndi 3 peresenti pa chilichonse chimene mwagula. Nkhani imeneyi ithetseni musananyamuke: funsani kubanki kuti amadula maperesenti angati, ndiponso ngati ali ndi khadi lina limene sadula kanthu mukalipira kunja. Makhadi otere alipo, ngakhale kuti ena amakhala ndi malipiro a pachaka, ndiye muyenera kuwerengera ngati ulendo wanu ungabweze ndalama imeneyo.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti mwadya mu lesitilanti ku Paris, bilu yakwana mayuro 200, ndipo woperekera zakudya wabwera ndi kamakina kolipirira. Mukangolowetsa khadi, kamakinako kamazindikira kuti ndi lakunja, ndipo kamakuonetsani mabatani awiri: lina lalemba mayuro 200, linalo lalemba ndalama ya kwanu, mwinanso ndi kambendera ka dziko lanu pambali pake. Munthu aliyense mtima umathamangira ku ndalama imene waizolowera, poti waona nambala imene akuimvetsa msanga. Batani limenelo ndilo lodula. Njira imeneyi amaitcha dynamic currency conversion, mwachidule DCC, ndipo mukaivomera, wosintha ndalama sakhalanso Visa koma kampani ya kamakinako, imene imaika mtengo wakewake n'kugawana phindu ndi mwini malowo. Zoti awonjezere 5 kapena 6 peresenti si zachilendo, ndipo pena amapitirira pamenepo. Pa bilu ya mayuro 200 ija, banki yodula 3 peresenti ikanatenga mayuro 6, pamene DCC ya 6 peresenti itenga mayuro 12. Choipa kwambiri n'chakuti mabanki ena amadulabe gawo lawo ngakhale mwalipira m'ndalama ya kwanu, chifukwa amaona dziko limene wogulitsayo ali, osati mtundu wa ndalama, motero mumadulidwa kawiri pa chakudya chimodzi.

Anthu oikira kumbuyo njirayi amati ubwino wake ndi wakuti mumadziwiratu ndalama yeniyeni imene idzatuluke mu akaunti yanu. Ine sindikuona kuti kudziwiratu kumeneku n'koyenera kukugula pa mtengo wotere, pamene foni iliyonse ili ndi powerengera masamu. Nthawi zonse sankhani ndalama ya dziko limene mwaimamo: mayuro ku Paris, mapaundi ku London, marandi ku Johannesburg. M'maiko a mgwirizano wa European Union, kuyambira mu April 2020 lamulo limafuna kuti kampani yosintha ndalama mwa njira imeneyi ionetse maperesenti amene yawonjezera pamwamba pa mtengo wa European Central Bank, banki yaikulu ya maiko ogwiritsa ntchito yuro, kotero yang'anitsitsani pa kamakinako ngati nambalayo yaonetsedwa musanadine batani.

Zimachitikanso kuti wogulitsa amadina yekha batani lija asanakupatseni kamakinako, makamaka pamalo pamene pamafika alendo ambiri. Musanalembe PIN, werengani mtundu wa ndalama imene yalembedwa. Ngati mwazindikira lisiti litatuluka kale, mpempheni mwaulemu kuti afafanize malipirowo n'kuyambiranso, chifukwa malamulo a Visa ndi Mastercard amati mwini khadi ndiye ayenera kusankha. Akakana, sungani lisitilo ndipo mukadandaule kubanki yanu.

Makina a ATM amafunsa funso lomweli, koma mawu ake amakhala ozunguza mutu, ndipo ena amakuchenjezani kuti mukakana ndiye kuti mtengo sangautsimikize. Musaope chenjezo limenelo. Dinani pamene palembedwa "without conversion" (kutanthauza osasintha ndalama) kapena mawu ofanana nawo. Komabe langizo langa n'lakuti khadi la ngongole musatapire ndalama pokhapokha zinthu zitavuta. Banki imaona kutapako ngati ngongole ya ndalama zapamanja, imadula malipiro apadera, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, popanda masiku opumira aja amene mumapatsidwa mukagula katundu. Mwini ATM nayenso angadule yake. Potapa ndalama gwiritsani ntchito khadi la akaunti yanu wamba, ndipo ngati banki imadula ndalama yofanana pa kutapa kulikonse, ndi bwino kutapa zochulukirapo kamodzi kusiyana n'kumatapa pang'onopang'ono.

Msampha wa DCC uja mungaupeze musanakwere n'komwe ndege. Polipira hotela kapena tikiti pa intaneti, masamba ambiri amasintha okha mtengo kuti uoneke m'ndalama ya kwanu, ndipo PayPal, kampani yolipirira pa intaneti, nayo ili ndi mtengo wake wosinthira, umene nthawi zambiri mungaukane posankha kuti khadi lanu ndilo lisinthe. Kumbukiraninso kuti mukabweza katundu amene munagula kunja, ndalama yobwererayo imasinthidwa pa mtengo wa tsiku lobwezalo, ndipo mabanki ena sabweza gawo limene anadula poyamba. N'chifukwa chake hotela ikafuna chikole, ipempheni kuti ingotsekereza ndalamayo pa khadi m'malo moichotsa n'kudzaibweza potuluka.