Yankho kwa mayi amene afunsa za dimba la pakhomo ku Katoto

Mayi, mwafunsa kuti mungatani kuti pakhomo panu pakhale maluwa, ndiwo zamasamba ndiponso mbalame m'miyezi yotentha ino, popeza chaka chatha, mutangosamuka kuchokera ku Lilongwe, tomato wanu yense anada masamba n'kuola asanapse. Ndakhala ndikulima kuseri kwa nyumba kuno ku Mzuzu kwa zaka zambiri, ndipo ndikuuzani zimene ndaona ndi maso anga.

Vuto lalikulu la mlimi wa pakhomo mu mzinda uno ndi chinyezi. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, mvula imayamba cha mu Novembala kapena Disembala ndipo imachedwa kusiya kuyerekeza ndi ku Lilongwe, moti mu Epulo ngakhale mu Meyi timakhala tikuyendabe ndi maambulera. Miyezi yotenthayi ili pawiri. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala kumakhala dzuwa ndi fumbi, ndipo mbewu zimadalira kuthirira. Kuyambira Disembala kumakhala mvula, nkhungu ya m'mawa ndi masamba osauma tsiku lonse. Mbewu imene imakondwa mu Okutobala ikhoza kufa mu Febuluwale pabedi lomwelo. Musadalirenso kwambiri miyezi yolembedwa pamapaketi a mbewu zochokera kunja, chifukwa ku Ulaya chilimwe chawo ndi Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene ife kuno tavala majuzi awiriawiri.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, chimene chinagwira tomato wanu ndi chiwawu. Matendawa amakonda nyengo yozizirira ndi yonyowa, amayamba ngati madontho akuda ooneka ngati anyowa m'mphepete mwa tsamba, kunsi kwake kumachita tinkhungu toyera, kenaka amatsikira kutsinde ndi kuzipatso, ndipo m'sabata imodzi yokha ya mvula yosalekeza bedi lonse limaoneka ngati lawauka ndi moto. Ndi matenda omwewo amene amagwira mbatata ya kachewere, choncho mbewu ziwirizi zisayandikane ndipo zisatsatane pamalo amodzi. Ine ndinasiya kulimbana nawo. Ndimafesa tomato kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti kuti ndikhale nditakolola mvula isanakhazikike, ndipo ndikafuna wa m'dzinja ndimabzala mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi m'matumba, pansi pa khonde pamene dzuwa la m'mawa limafika koma mvula siigwera pamasamba. Ngati mukufunabe kumubzala pabwalo, siyani masentimita 60 pakati pa mbewu, muzimangirire kumitengo, muchotse masamba onse okhudza nthaka, muzithirira patsinde, ndipo mankhwala a kopa kapena Dithane muziwaza matenda asanaoneke, pakuti ntchito yake ndi kuteteza ndipo sachiza tsamba lodwala kale.

Pali matenda ena amene anthu amawasokoneza ndi chiwawu. Mtengo wa tomato umafota wonse uli wobiriwira, ngati wasowa madzi pamene nthaka ili yonyowa. Dulani tsinde lake, muviike nsonga yodulayo m'tambula yagalasi ya madzi oyera, mudikire mphindi zingapo osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera patsindepo, dziwani kuti ndi mabakiteriya a m'nthaka, amene alibe mankhwala owaza. Zulani mtengowo ndi dothi lake, ndipo pamalopo musabzalepo tomato, tsabola, mabilinganya kapena kachewere kwa zaka zingapo.

Za nthaka ndinene mwachidule. Dothi lofiira la kuno ndi lowawasa chifukwa mvula yambiri imatsuka michere, ndipo ngati munaonapo maluwa a hydrangea akuchita mtundu wabuluu pakhomo la mnzanu, chimenecho ndi chizindikiro chake. Masamba ambiri amakonda nthaka yowawasa pang'ono chabe, motero phulusa la pamoto lowazidwa mochepa kapena laimu wa ulimi zimathandiza. Mabedi a m'dzinja akhale okwera masentimita 20 mpaka 30, mulifupi mita imodzi kuti muzifika pakati osapondapo, ndipo ngati malo anu ndi otsetsereka, monga mmene alili malo ambiri mu mzinda uno, mabediwo apingase phiri. Manyowa akhale owolerana bwino. Masamba a deliya, amene amamera okha m'mbali mwa misewu, amaola msanga ndipo amalemeretsa kompositi, koma dulani asanachite njere kuti musadzalimbane nawo pabwalo.

M'dzinja bzalani ndiwo zathu zakale. Bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa ndi chigwada zimapirira mvula ndipo sizifuna mankhwala. Mpiru, repu, tchainizi, kabichi ndi nsawawa zisungireni miyezi yozizira, kuyambira Epulo, pamene zimakula mosavuta kuno kuposa m'madera otentha a kunyanja. Ndimadabwa kuona anthu akuzula bonongwe womera yekha kuti abzalepo letesi amene aola m'masabata awiri, kenaka n'kupita kukagula bonongwe yemweyo kumsika wa Zigwagwa.

Maluwa musawapatse malo awoawo kutsogolo kwa nyumba n'kusiya ndiwo zokha kuseri. Nkhwani ndiwo umaonetsa bwino chifukwa chake. Dzungu limatulutsa maluwa aamuna ndi aakazi payekhapayekha. Laamuna lili pakamtengo kowonda, pamene lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Maluwawa amatseguka m'mawa n'kutsekeka dzuwa likakwera, ndipo ngati m'maola ochepawo njuchi sinanyamule mungu kuchoka pa laamuna kupita pa lalikazi, kadzunguko kamachita chikasu n'kugwa. Choncho pothyola chiluwe choika mu ndiwo, tengani aamuna okha, musiyeko angapo, ndipo muthyole njuchi zitamaliza ntchito yake. Magalagadeya nawo amadalira njuchi zikuluzikulu zakuda zija zimaboola mitengo youma, zimene ana amakonda kuzithamangitsa ndi nthambi.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Chaka china nsabwe za m'masamba zitagwira nyemba zanga, ndinagula mankhwala m'kabotolo kopanda chizindikiro kwa wogulitsa wina m'tauni, ndipo ndinawaza dimba lonse cha m'ma 8 koloko m'mawa, maluwa ali otseguka. Tsiku lotsatira ndinapeza njuchi zakufa m'kati mwa maluwa a dzungu, zina zitapinda miyendo pamasamba. Nkhwani unayanga mpanda wonse koma maungu ndinakolola awiri okha, ndipo nsabwe zija zinabwerera patapita masabata atatu zili zambiri kuposa kale, chifukwa ndinali nditaphanso tizilombo tofiira ta madontho akuda timene timazidya. Kuyambira pamenepo nsabwe ndimazitsuka ndi madzi a sopo, ndipo zikakanika ndimanyika masamba osinja a ombwe, amene anzathu a kuno amati mtetezga, n'kuwaza madzulo pa mbewu yokhayo imene yagwidwa. Ombwe nawo ndi poizoni, amapha nsomba, motero madzi ake asatsikire kumtsinje kapena kudambo, ndipo masamba owazidwa adikire masiku angapo n'kutsukidwa bwino asanaphikidwe.

Maluwa amene amandichitira bwino m'miyezi imeneyi ndi mpendadzuwa, cosmos, zinnia, marigold, salvia wofiira, canna ndi hibiscus. Anayi oyambawo amafesedwa ndi mvula yoyamba ndipo amasiya njere zodzafesa chaka chamawa. Sankhani a maluwa otseguka pakati, chifukwa aja othithikana kwambiri amakongola m'maso koma njuchi sizipezamo polowera. Mpungabwi muusiye uchite maluwa m'mphepete mwa bedi ndipo mudzamva kulira kwa njuchi muli pakhonde. Salvia ndi hibiscus zimaitana timbalame ta milomo yaitali yopindika timene timayamwa timadzi ta m'maluwa, ndipo mukawonjezera aloe, amene mitundu yake yambiri imachita maluwa m'miyezi yozizira, timbalameto sitisowa chakudya chaka chonse. Maluwa a rozi amakula kuno, koma m'dzinja amachita madontho akuda pamasamba, choncho apatseni malo opita mphepo. Lantana musabzale ngakhale agulugufe amamukonda, pakuti mbalame zimamwaza njere zake, amalanda tchire, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Ndikupemphaninso kuti musagule maluwa okumbidwa m'tchire. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, koma ambiri amadalira nthaka ya komweko ndipo amafa akaikidwa mumphika.

Mbalame zimafuna madzi, pobisala ndi chakudya. Ikani mbale yadothi yosazama pamalo okwera pamene mphaka sangabisale pafupi, muikemo mwala woti njuchi ziziterapo, ndipo muzisintha madziwo masiku awiri kapena atatu aliwonse, chifukwa udzudzu umatha kukula kuchoka padzira m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ngodya imodzi ya mpanda muisiye yosasesa, ikhale ndi masamba ouma ndi miyala ingapo, kuti achule ndi abuluzi apeze pokhala. Achule amadya tizilombo tambiri usiku inu muli m'tulo. Ana auzeni kuti bilimankhwe alibe ululu ndipo amadya ziwala ndi ntchentche. Kadzidzi amene ena amamuopa akalira padenga amakhala akusaka makoswe. Pa njoka ndiye pofunika nzeru: zambiri za pakhomo zimatsata makoswe ndi achule, koma mphiri ndi yoopsa ndipo sithawa, motero udzu wa m'njira ukhale waufupi, ngodya yosasesayo ikhale kutali ndi posewerera ana, ndipo musapise dzanja m'mulu wa zinyalala musanautakase ndi khasu.

Alendo ena amabwera kudzadya nanu. Apumbwa amajompha mapapaya ndi tomato wakupsa, ndipo ine ndimangothyola zipatso zikayamba kusintha mtundu n'kukapsetsera m'nyumba. Amene amakhala kufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina amadziwa za apusi. Musawapatse chakudya ngakhale kamodzi. Ngati mufuna nthochi, samalani kumene mutenge mphukira, chifukwa matenda a chisaka, amene anawononga nthochi zambiri ku Nkhata Bay, amayenda ndi mphukira zodwala ndiponso nsabwe za nthochi. Funsani alangizi a zaulimi kapena a kumalo ofufuzira zaulimi ku Lunyangwa kumene mungapeze mbewu yopanda matenda.

Popeza mvula yayandikira, sabata ino kwezani mabedi atatu, limodzi la bonongwe ndi luni, lina la nyemba, lachitatu la nkhwani woti uyange kumpanda, ndipo m'mphepete mwa lililonse mufese mzere wa marigold kapena cosmos. Tomato wa pabwalo adikire Ogasiti. Mukaona tsamba lokayikitsa, lijambuleni pamwamba ndi kunsi komwe, mutumize chithunzicho pagulu pano kuti tithandizane kuzindikira matendawo musanagule mankhwala.