Kodi malamba a mphira angalimbitse thupi ngati zitsulo?

Wowerenga wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Akuti mkulu wake wamutumizira malamba a mphira ochitira masewera olimbitsa thupi kuchokera ku Joni, koma anzake a ku jimu akumuseka kuti ndi zidole za anthu akuchipatala. Akufunsa ngati angapeze nawo mphamvu m'chipinda chake cha lendi osanyamula zitsulo.

Achimwene, asiyeni aseke. Minofu sidziwa ngati ikulimbana ndi chitsulo kapena mphira, imangomva kuwawa kwa ntchito basi. N'zoona kuti achipatala amapatsa malambawa munthu wovulala bondo kapena phewa, koma iwo amasankha ofewa mwadala. Ambiri kunyumba amatenganso wofewa yemweyo, kukoka maulendo 30 maso ali pa foni, kenako n'kumati sizithandiza.

Amene munaseweretsapo legeni mukudziwa kuti mphira imalimba ikamatamuka. Poyamba kukoka pamapepuka, ntchito yeniyeni ili kumapeto. Ndiye musayambe lamba ali lende. Mugwireni chapafupi, kapena mumupinde pawiri, akungike musanayambe n'komwe. Pobwerera musalole kuti akukokeni ndi iye. Muzibweza pang'onopang'ono, masekondi awiri kapena atatu. Apa m'pamene ambiri amabera. Muyeso wake ndi uwu: mukafika pakati pa maulendo 8 ndi 15, awiri omalizawo azikukwinyitsani nkhope. Mukamadutsa 20 mukucheza bwinobwino, lambayo mwamupitirira, tengani wolimba kapena muphatikize awiri. Mitundu isakupusitseni. Kwa kampani ya TheraBand wachikasu ndi wofewa, kenako wofiira, wobiriwira, wabuluu, wakuda, koma makampani ena ali ndi dongosolo lawo. Manja anu ndiwo akuuzeni.

Zochita sizifunika zambirimbiri. Pondani lamba ndi mapazi onse, mumugwire m'mapewa, muzinyonyomala n'kudzuka. Khalani pansi mutatambalala, mumukolowetse kumapazi, muzikokera zigongono kumbuyo. Umenewo ndi msana. Mapushapu lamba atadutsa kumsana, nsonga zake mutazitsendereza ndi zikhatho. Kenako imirirani mutamuponda, muzimukankhira kumwamba. Chilichonse muchite maulendo 8 mpaka 15 aja, mubwereze katatu, kupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati. Malangizo a 2020 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azilimbitsa minofu ikuluikulu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Ine ndimachita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Mpweya musamaugwire pokoka, makamaka ngati muli ndi BP.

Pamene anzanuwo ali ndi mfundo ndi pa miyendo. Ntchafu ndi zamphamvu, sizichedwa kuzolowera lamba. Zikatero muzinyonyomala ndi mwendo umodzi, winawo mutausanjika pampando kumbuyo, kapena mukumbatire chigubu cha malita 20 chodzaza madzi. Ndi makilogalamu 20 aulere amenewo.

Mphirayi muziiopa pang'ono. Ine ndinamangapo lamba pa chogwirira chitseko, anapulumuka n'kundikwapula patsaya, pansi penipeni pa diso. Sabata yonse anthu ankandifunsa amene wandimenya. Musamakokere lamba cholunjika kumaso. Mukamanga pa zitsulo za pawindo, kulungani kansalu kaye kuti m'mphepete musamucheke. Musanayambe muzimutamula pang'ono pa kuwala, mukaona kamng'alu ngakhale kochepa, ameneyo wapita. Dzuwa, kutentha ndi mafuta odzola ngati Vaseline zimawononga mphira msanga, ndiye musamuyanike pachingwe panja masana onse. Mukatha mupukuteni thukuta, mumuike m'kabati.