Ndinangofufuza nsambo za gitala, tsopano malonda akunditsata paliponse

FUNSO: Akulu anga, sabata yatha ndinafufuza nsambo za gitala pa intaneti. Chiyambire tsikulo, paliponse pamene ndatsegula ndikungoona magitala, ngakhale pakati pa nyimbo zimene ndikumvera. Akazi anga akuti foni imatimvetsera tikamacheza. Kodi n'zoona? Nanga ndikasintha browser zitha? — Wokonda gitala

YANKHO: Achimwene, mayiwo muwauze kuti otsatsa malonda alibe chifukwa chotcherera khutu pakhomo panu. Mapazi timasiya tokha, iwo amangolondola.

Nkhaniyi inayamba mu 1994, pamene Lou Montulli, injiniya wa kampani ya Netscape, anapanga cookie. Ndi kafayilo kakang'ono kamene webusaiti imasiya mu browser yanu (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, monga Chrome) kuti ikuzindikireni mukabweranso. Cholinga chinali chabwino: kuti katundu amene mwasankha pogula asasowe mukadina kwina. Koma makampani otsatsa malonda anayamba kusiyamo ma cookie awoawo. Kampani imodzi imapezeka pa mawebusaiti ambirimbiri, ndiye ikakuonani kwa ogulitsa nsambo lero, mawa ikukupezani powerenga za mpira, yakudziwani kale.

Kusintha browser kumathandiza, koma dziwani chimene mukusintha. Chrome, imene inatuluka mu 2008, ndi ya Google, ndipo ndalama zambiri za Google zimachokera ku kutsatsa malonda. Edge, Opera ndi Brave, ngakhale mayina ndi osiyana, onse anamangidwa pa maziko amodzi ndi Chrome, otchedwa Chromium, kungoti Brave imatchinga malonda yokha. Firefox ndi Safari ali ndi injini zawo. Firefox inayamba kutsekereza ma cookie olondola anthu popanda kuiuza mu 2019, Safari inatseka ma cookie onse a makampani amene si eni ake a webusaiti imene mwatsegula mu 2020. Ine ndakhala pa Firefox zaka zambiri ndipo ndimaikonda, ngakhale ndikudziwa kuti Mozilla, eni ake, nawonso amalandira ndalama zambiri kuchokera ku Google kuti tikamafufuza zinthu tiziyambira kumeneko.

Incognito, njira yofufuzira mwachinsinsi ya mu browser, musaidalire kwambiri. Imafufuta mbiri mu foni mwanu basi, pomwe webusaiti ndi kampani yokupatsani intaneti zikukuonanibe.

Koma chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi nyimbozo. Apa browser ilibe mphamvu, chifukwa mumamvera mutalowa mu akaunti yanu, dzina lanu lili pomwepo. Bambo anga atamwalira, ndinkaseweretsa nyimbo imodzi yokha usiku uliwonse kwa milungu ingapo, imene iwo ankakonda kuimba motsitsa mawu akamakonza wailesi yawo. Sindinauze munthu. Tsiku lina pulogalamu imene ndimamverera nyimbo inandikonzera mndandanda wa nyimbo zachisoni zokhazokha, zina zokoma kwambiri moti ndinalira. Zinanditonthoza, sindinama. Koma ndinakhalanso chete nthawi yaitali, poganiza kuti chisoni chimene ndinabisira abale anga chinali chitalembedwa pa kompyuta ya anthu osandidziwa, ola lake ndi tsiku lake. Nyimbo zimaulula zambiri kuposa nsambo za gitala: nthawi imene timagona, pamene tili m'chikondi, pamene mtima wasweka. Anthu amasangalala ndi Wrapped, imene pulogalamu yomverera nyimbo ya Spotify imatulutsa kumapeto kwa chaka kuyambira 2016, yosonyeza nyimbo zimene munthu anamvera kwambiri. Ndi yosangalatsadi, komanso ikuonetsa poyera kuchuluka kwa zimene zimasungidwa.

Ndiye chitani izi madzulo ano. Fufutani ma cookie, kenako lowani mu akaunti yanu ya Google ndi ya Facebook, mufunefune pamene pali za malonda, muzimitse zoti azikusankhirani malonda potengera zochita zanu. Pofufuza zogula, yambani mwatuluka mu akauntizo. Malonda sadzatha, chifukwa ndiwo amalipirira nyimbo zimene mukumvera ulere, koma magitalawo achepa. Nsambozo mukagula, mundilembere kuti mwayamba ndi nyimbo iti.