Gasi wophikira nsima angayatse mababu?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni ndipo ndimaphikira gasi wa mu silinda. Ndamva anthu mu taxi akuti khonsolo ya mzinda uno ili ndi makina opanga magetsi ndi gasi, ndiye ndadabwa, gasi yemwe ndimatakasira nsimayu angayatse bwanji mababu? Kwathu ku Machinga timangodziwa zoti magetsi amachokera mu Shire basi. Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, wa mu silinda wanuyo ndi LPG, gasi wopanikizidwa mpaka kukhala wamadzimadzi, ameneyo ndi wina. Wopangira magetsi amamukumba pansi pa nthaka, mbali yake yaikulu ndi methane, ndipo wofika kuno amachokera ku Pande ndi Temane ku Mozambique, amayenda mu paipi ya makilomita 865 mpaka ku Secunda kuno ku South Africa kuyambira 2004. Ndi yemweyo amene kampani ya Egoli Gas imalowetsa m'nyumba zina za mu Joni kudzera m'mapaipi.

Za Shire mwatchulazo ndiye zatifupikitsira ntchito. Ku Nkula ndi ku Tedzani madzi amakankha mapiko a tebaini, tebainiyo imazunguza jenereta, mkati mwa jenereta muli maginito amene akamazungulira pakati pa mawaya a kopa magetsi amabadwa. Kwa gasi ntchito ndi yomweyo koma wokankha ndi mphepo yamoto. Makinawo amakoka mpweya wa panja n'kuupanikiza kwambiri, kenako amathiramo gasi n'kuyatsa, kutentha kwake kumadutsa madigiri 1,000, ndiye mpweya wotenthawo umafufuma n'kutuluka mwaukali kumamenya mapiko aja, ndipo makina akuluakulu amazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi kuti magetsi atuluke pa 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, mlingo womwe firiji yanu imafuna.

Utsi wotuluka umakhala ukadali wotentha zedi. Ena amangoutaya m'mwamba, apo mphamvu yosanduka magetsi kawirikawiri siifika 40 peresenti, kuwononga ndithu. Ochenjera amawiritsira madzi utsi womwewo, nthunzi yake n'kuzunguza tebaini yachiwiri, akatero amafika cha m'ma 60 peresenti.

Tsono za mu taxi zija n'zoona pang'ono. City Power, kampani ya magetsi ya khonsolo, ili ndi matebaini a mtunduwu, monga a ku John Ware ku Fordsburg, koma dzina lokha ndi la gasi, amamwa dizilo. Ngakhale a Eskom, kampani ya magetsi ya boma la South Africa, ku masiteshoni a Ankerlig ndi Gourikwa ndi dizilo yemweyo. Kelvin, siteshoni yakale ija ili kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, imawotcha malasha.

Ine chimene ndimawakondera makinawa ndi changu, amadzuka m'mphindi zochepa pomwe a malasha akazima amatenga maola ambiri, ndiye madzulo a mu Juni aliyense akayatsa hita ndi ketulo amathandiza. Koma kuwayendetsa usana ndi usiku pa dizilo bilu yake simungaikonde, komanso gasi wa ku Pande ndi Temane uja wayamba kuchepa, n'chifukwa chake mukumva zoti adzabwera wina pa sitima zapamadzi kudzera ku Richards Bay kapena ku Matola ku Mozambique.