Funsani za Umoyo: Ndinabayitsa katemera, nanga bwanji ndadwalanso?

FUNSO: Ndinadwala COVID-19 mu 2021 mpaka kugonekedwa m'chipatala, kenako ndinabayitsa katemera kawiri. Mwezi watha ndinayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, ndipo atandiyeza anati ndi matenda omwe aja, ngakhale kuti ulendo uno ndinachirira kunyumba. Alamu anga akuti ndinangodzivuta kubayitsa. Chikundizunguza mutu n'chakuti chikuku ndinadwala kamodzi kokha ndili mwana. Nanga korona ndi fuluwenza zimabwereranji? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Pepani ndi matenda, mayi. Koma zimene akunena alamu anuzo ine ndikuzikana. Mwanena nokha kuti poyamba anakugonekani, ulendo uno mwachirira kunyumba. Kusiyana kumeneku sikunangochitika mwamwayi.

Kachilombo kakalowa m'thupi, maselo ena a m'magazi otchedwa B amayamba kupanga timapuloteni totchedwa ma antibodi, ndipo pamapita sabata imodzi mpaka atatu kuti achuluke. Antibodi aliyense amakakamira malo amodzi okha pa kachilombo, monga kiyi amalowera mu loko wake yekha. Pa korona, malo ofunika kwambiri ndi timinga takunja totchedwa spike, timene kachilomboka kamagwirira maselo athu. Pa fuluwenza pali mapuloteni awiri, hemagglutinin ndi neuraminidase, omwe ndi H ndi N uja mumamva m'maina ngati H1N1 ndi H3N2.

Kachilombo ka chikuku sikasintha malo amene ma antibodi amagwira. Mu 1846 dokotala wa ku Denmark, Peter Panum, anapita kuzilumba za Faroe kumene chikuku chinagwira anthu ochuluka zedi. Anapeza kuti okalamba amene anadwalapo pa mliri wa 1781 sanadwale, patatha zaka 65!

Fuluwenza ndi wina. Akamachulukana m'thupi amasintha pang'onopang'ono maonekedwe a H ndi N, mpaka kiyi wa chaka chatha sakwananso bwino. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limakumana kawiri pachaka kusankha mitundu yoti ilowe mu katemera: mu February posankhira maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, mu September a kumwera. Korona nayenso anationetsa zomwezo. Omicron, mtundu wina wa korona, amene akatswiri a ku South Africa anadziwitsa dziko za iye mu November 2021, anabwera atasintha malo oposa 30 pa timinga take, ndipo anagwira anthu ambiri amene anali atadwalapo kapena kubayitsa.

Pali chifukwa chachiwiri chimene anthu ambiri sachimva, ndipo ine ndimaona kuti n'chimene chimathetsa mkangano ngati wa kwanuwu. Tizilomboti timayambira m'mphuno ndi kukhosi. Ma antibodi a m'magazi amachepa pakapita miyezi, ndipo a m'mphuno amachepa msanga kuposa pamenepo. Kachilombo kakafika, kamachulukana m'masiku awiri kapena atatu okha, thupi lisanadzuke. Apo ndi pamene mumayamba kuyetsemula ndi kumva kuphwanya thupi. Koma thupi silinaiwale. Limasunga maselo okumbukira, amene m'masiku ochepa amayambanso kupanga ma antibodi ambiri. Palinso maselo a T, amene amapha maselo athu amene kachilombo kalowamo kale, ndipo iwowa amazindikiranso mbali za kachilombo zimene sizisintha kawirikawiri. Amachedwa kutchinjiriza mphuno, koma nthawi zambiri amafika kachilombo kasanawononge mapapo.

Kukumbukira kumeneku kumakhalitsa modabwitsa. Mu 2008 akatswiri a ku America anayeza magazi a anthu a zaka zoposa 90 amene anapulumuka mliri wa fuluwenza wa 1918, ndipo anapezamo maselo opangabe ma antibodi olimbana ndi kachilombo ka nthawi imeneyo. Mu 2020 ku Singapore anapeza maselo a T ozindikirabe kachilombo ka SARS, kachibale ka korona, mwa anthu amene anadwala matendawa mu 2003, patatha zaka 17.

Musataye ndalama poyezetsa ma antibodi kuti mudziwe ngati ndinu wotetezeka. Kuyeza kumeneko sikuona maselo okumbukira aja. Dziwaninso kuti katemera wa COVID-19 sateteza ku fuluwenza, ndipo wa fuluwenza sateteza ku korona, chifukwa ndi tizilombo tosiyana ngakhale zizindikiro zimafanana. Mankhwala ngati amoxicillin sapha konse tizilombo timeneti, choncho musamwe popanda kuuzidwa ndi dokotala.

Amene ndimawadera nkhawa ndi okalamba, amayi oyembekezera, odwala shuga, mtima kapena mapapo, komanso amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa. Kwa iwowa masiku ochepa aja amene thupi limachedwa akhoza kukwana kuti chibayo chiyambe. Ngati inu kapena wina pakhomo panu ali m'gululi, mufunse kuchipatala za katemera wowonjezera. Ndipo wodwala akayamba kubanika, kumva kuwawa pachifuwa kapena kusokonekera mutu, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.