Zala zikamakana pamalo amodzimodzi tsiku la audition

Mnyamata wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Amaimba kiyibodi kutchalitchi kwawo, ndipo akukonzekera audition, mayeso oimba pamaso pa oweruza, yolowera sukulu ina yophunzitsa nyimbo. Wasankha Invention yoyamba ya Bach, nyimbo yaifupi yoimba pa kiyibodi kapena piyano, ya mu kiyi ya C major. Akuti amapanga pulakatisi maola atatu tsiku lililonse, akakhala yekha imayenda bwino, koma kukangobwera munthu womvera dzanja lamanzere limasokonekera pakati, ndipo akaima sangapitirize pokhapokha atayambiranso poyamba. Akufunsa ngati awonjezere maola.

Achimwene, musawonjezere. Maola atatu ndi okwanira, vuto lili pa zimene mumachita m'maolawo. Ndikuganiza kuti mumayamba pa bar yoyamba (bar ndi kagawo ka pakati pa mizere iwiri yoimirira papepala la manotsi), kuimba mpaka kuphonya, kudandaula pang'ono, kenako kubwereranso poyamba. Mukatero, chiyambi mwachiimba kambirimbiri, pomwe malo ovutawo mwangowaphunzitsa kuphonya. Zala zili ngati njira yodutsa m'munda: pomwe mwaponda kawirikawiri ndi pomwe padzakhale njira, kaya ndi polondola kaya ayi.

Mu 2009, Robert Duke wa ku University of Texas ku Austin ndi anzake anafalitsa kafukufuku wokhudza zimenezi. Anatenga ophunzira piyano 17, onse odziwa kale, n'kuwapatsa kachigawo ka mabar atatu okha ka mu concerto yoyamba ya piyano (nyimbo ya piyano ndi gulu la zoimbira) ya wopeka nyimbo Shostakovich. Aliyense anayeserera nthawi imene anafuna, mawa lake n'kubwera kudzaimba. Kutalika kwa pulakatisi sikunasonyeze amene adzaimbe bwino. Chimene chinasiyanitsa atatu apamwamba ndi mmene ankachitira akalakwa: ankapeza malo enieni ndi chifukwa chake, kuchepetsa liwiro, kubwereza mpaka pakhazikike. Amene ankabwereza molakwika kambiri ndi amene anaimba moipa.

Tsono musanene kuti "dzanja lamanzere limasokonekera pakati". Pakati pati? Noti iti? Ndi chala chiti chimene chikugwera pamenepo, ndipo ndi chomwecho nthawi zonse? Ambiri amene tinakulira m'kwaya tinaphunzira ndi khutu ndi sol-fa, zomwe ndi chuma ndithu, koma sitinazolowere kulemba manambala a zala papepala. Lero mwaimba ndi chala chachitatu, mawa chachinayi, tsiku la mantha dzanja silidziwa lisankhe chiti. Tengani pensulo, lembani, musasinthenso.

Nkhani yoti mukaima simungapitirize ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ikusonyeza kuti nyimboyi ili m'zala mokha, m'mutu mulibe mapu ake. Roger Chaffin, katswiri wa za maganizo ku University of Connecticut, anatsata woimba piyano Gabriela Imreh pamene ankaphunzira gawo lomaliza la Italian Concerto ya Bach, pulakatisi yake yonse ikujambulidwa. Anaona kuti mayiyo ankakonda kuyamba ndi kuima pamalire a zigawo za nyimbo, ndipo malo amenewo ndi amene ankagwira akamaimba pamtima. Akaterereka, anali ndi pena pogwira.

Invention yanuyi ndi yabwino kuphunzirirapo zimenezi. Ili ndi mabar 22 okha. Dzanja lamanja limayamba ndi kamutu kakafupi, do re mi fa re mi do, lamanzere n'kukayankha m'munsi. Pafupifupi china chilichonse chikuchokera pa kamutu kameneka: Bach amakatembenuza kuti pokwera pakhale potsika, amakatalikitsa, amakasinthanitsa m'manja. Nyimbo imakafika ku G major pa bar 7, kenako ku A minor pa bar 15, ndiye n'kubwerera ku C. Zigawo zitatu basi. Pa bar 7 dzanja lamanzere ndi limene limayambitsa mutu, lamanja likuyankha, ndipo ndingadabwe ngati si chapamenepo pomwe mumasochera, poti kutchalitchi lamanzere linazolowera kungogwira makodi. Kwa Bach manja onse ndi oimba awiri ofanana mphamvu. Imbani mzere wa lamanzere ndi pakamwa mu sol-fa uku lamanja likuimba pa kiyibodi. Poyamba zidzakukwiyitsani, koma mukatha kutero mwaidziwa.

Kenako lembani bar 1, 7 ndi 15 patimapepala, wina akusankhireni, muyambe pomwepo osakonzekera. Masiku ena yambani pulakatisi ndi chigawo chomaliza. Magetsi akazima, khalani ndi pepala la manotsi, muziyenda nayo nyimboyo m'mutu, mukutchula chala chilichonse.

Za mantha sindikunamizani kuti adzatha. Chofunika n'kuwazolowera. Kamodzi patsiku ikani foni pampando, jambulani, imbani kamodzi kokha osaima ngakhale mwaphonya, mudzamvere mawa. Loweruka kwaya ikamaliza pulakatisi, pemphani anthu asanu atsale. Tulukani panja, lowani, perekani moni, tchulani dzina la nyimbo, khalani, pumani, yambani. Oweruza amakhululuka noti yolakwika msanga kuposa kuima n'kuyambiranso.

Chinthu china chimene simunafunse: kiyibodi yambiri ya m'matchalitchi mwathu ili ndi makiyi 61 opepuka, pomwe piyano yeniyeni ili ndi 88 olemera. Zala zozolowera pulasitiki zimatopa msanga, ndipo manotsi ena salira n'komwe. Funsani m'matchalitchi akuluakulu ndi m'masukulu a muno mu Blantyre amene ali ndi piyano, mupemphe ola limodzi pa sabata, ngakhale kutakhala kolipira pang'ono. Funsaninso sukulu imene mukupitayo ngati amalola kuyesa piyano yawo audition isanayambe, komanso ngati akufuna muimbe pamtima kapena mukuwerenga.