Dzanzi la usiku m'dzanja: yambani mwaona zala zimene zagwidwa

Achemwali, mwati dzanzi likumakudzutsani usiku m'dzanja lamanja mpaka kumachita kulikutumula, ndipo mukufunsa ngati mugule mankhwala opaka kapena mupite kuchipatala. Musanagule kanthu, likadzakugwiraninso mudzaonetsetse kuti zala zimene zachita dzanzi ndi ziti, chifukwa zimenezo ndi zimene zimaulula pamene vuto lili.

Mbali ya kuchikhatho ya zala imamva kudzera m'mitsempha iwiri yochokera m'khosi. Wina, wotchedwa median, ndi wa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chachinayi. Winawo, ulnar, ndi wa theka lotsalalo ndi chala chaching'ono.

Ngati chala chaching'ono sichikhudzidwa, ine ndingakayikire median. Mtsempha umenewu polowa m'dzanja umadutsa mumpata wopapatiza pa mfundo ya dzanja. Pansi ndi m'mbali mwa mpatawo muli timafupa, tina mwa 8 timene timapanga mfundoyo, ndipo pamwamba pake padutsa lamba wolimba wosatamuka. Mumpata womwewo mukudutsanso zingwe 9 zimene minofu ya pamkono imakokera zala. Zingwezo zikangotupa pang'ono, wopanikizika ndi mtsempha, poti ndiwo wofewa. Tsono ambirife timagona titapinda dzanja osadziwa, mpata uja n'kucheperachepera, n'chifukwa chake vutoli limakonda usiku. Madokotala amati carpal tunnel syndrome. Mutha kudziyesa nokha: pindirani dzanja pansi kwa mphindi imodzi, muone ngati dzanzi libwerere pa zala zomwezo.

Likakhala pa chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho, kawirikawiri vuto limakhala kuchigongono, paja mukadzigunda pamamveka ngati magetsi. Lekani kutsamira chigongono patebulo ndi kugona mutapinda mkono kwambiri.

Za mankhwala opakawo, ndalama zanu zisungeni. Mpata uja sakuukulitsa. Chimene ndingakulimbikitseni ndi chomangira dzanja chokhala ndi kachitsulo m'kati, choti muzivala pogona kuti mfundo ikhale yowongoka, osamanga mothina. Chipatseni milungu ingapo. Masana, ntchito yogwira chinthu mwamphamvu kapena ya makina onjenjemera muziidukiza.

Kuchipatala mupitebe, koma mupite ndi nkhani yomveka: zala ziti, nthawi yanji, dzanja limodzi kapena onse. Pemphani akuyezeni matenda a shuga ndi a chithokomiro (kachiwalo ka pakhosi), poti matenda awiriwa amakonda kuyenda ndi vutoli. Amayi oyembekezera nawonso limawagwira chifukwa cha kutupa kwa thupi, ndipo ambiri limawasiya akachira. Ngati ndi mapazi omwe akuchita dzanzi, auzeni, aganizirenso za shuga kapena kuchepa kwa vitamini B12. Chomangira chikakanika pali jekeseni wochotsa kutupa, kenako opaleshoni yaing'ono yodula lamba uja.

Pali ziwiri zosadikira nazo. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, kapena zinthu zikamakupulumukani m'manja, ndiye kuti mtsempha wayamba kuwonongeka, ndipo mukachedwa mphamvu mwina sizingabwerere zonse. Chachiwiri, dzanzi likabwera mwadzidzidzi mkono wonse, pakamwa n'kupotoka kapena mawu n'kumatuluka mosamveka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.